Chisoti cha Dzino la Kutsogolo: Porcelain Kapena Zirconia?

Dzino la kutsogolo likathyoka, likabenthuka kapena likada, munthu amasintha khalidwe. Amene ankaseka momasuka amayamba kuphimba pakamwa ndi dzanja, ndipo amene ntchito yake ndi yoimirira pamaso pa anthu, monga kuphunzitsa, kuwerenga kapena kuimba, amayamba kuzemba. Komatu ntchito ya mano a kutsogolo sithera pa kukongoletsa nkhope. Ndi amene timalumira chakudya, ndiponso amathandiza lilime ndi milomo kutchula bwino mawu okhala ndi zilembo monga f, v ndi s. N'chifukwa chake ambiri amene avulala dzino lotere amapempha dokotala wa mano kuti alikonze m'malo molichotsa n'kusiya gweru.

Imodzi mwa njira zokonzera dzino ndiyo kuliveka chisoti, chimene madokotala amachitcha crown. Pofika pamenepa wodwala amalandira funso limene ambiri sakhala atalikonzekera: kodi mukufuna cha porcelain kapena cha zirconia? Ena amangoloza chotchipa, ena chimene adamva kuti n'cholimba koposa. M'nkhani ino tifotokoza zipangizo ziwirizi, kumene zidachokera, ubwino wake ndi zofooka zake. Mfundo imene tikufuna kuti awerengi athu aigwire ndi iyi: pa dzino la kutsogolo, chisankho chabwino chimatsata mmene dzino lotsalalo lilili, mtundu wake, ndi mmene mano a munthuyo amakumanirana. Kulimba kwa chisoti ndi mbali imodzi chabe.

Mmene dzino lidapangidwira

Kuti timvetse bwino za zisoti, tiyambe taona dzino lenilenilo. Dzino lili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli chikuto chotchedwa enamel, chimene chimaposa ngakhale fupa pa kulimba kwake. Pansi pa enamel pali dentine, yofewerapo ndiponso yachikasu pang'ono. Pakatikati pali mtima wa dzino, mmene muli mitsempha ya magazi ndi mtsempha umene umatimvetsa kupweteka, kutentha ndi kuzizira.

Kukongola kwa dzino la kutsogolo kumachokera ku mgwirizano wa zigawo ziwiri zoyambazo. Enamel imalola kuwala kulowa, ndipo kuwalako kukafika pa dentine kumabwerera kutatenga mtundu wake. Tikayang'anitsitsa pagalasi tidzaona kuti dzino lilibe mtundu umodzi. Kufupi ndi nkhama ndi lachikasu pang'ono, pakati ndi loyererapo, ndipo kunsonga, kumene kuli enamel yokha, limaonekera motuwira. Chisoti chabwino cha kutsogolo ndi chimene chimatengera zonsezi, kotero kuti munthu woyankhula nafe sangathe kuloza dzino limene lidakonzedwa.

Chisoti chimaphimba mbali yonse ya dzino yoonekera kunja kwa nkhama, monga mmene chipewa chimaphimbira mutu. Kuti chikwane, dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi n'kulipala dzinolo mbali zonse. Kenaka amadinda chikombole cha mano, kapena kuwajambula ndi kamera yaing'ono yolumikizidwa ku kompyuta, n'kutumiza muyesowo kwa mmisiri wa mano ku labotale. Podikira, wodwala amavala chisoti chongoyembekezera chapulasitiki. Chenichenicho chikabwera, dokotala amachiyesa ndipo chikakwana amachimata ndi simenti ya mano. Muzu umakhalabe wa mwini wake uja.

Dzino lopalidwa silimeranso

Tisanafike pa kusankha, pali funso limene liyenera kutsogola: kodi chisoti chikufunikadi? Enamel ikapalidwa sibwereranso. Mu 2002, akatswiri awiri, Daniel Edelhoff ndi John Sorensen, adayesa kuchuluka kwa dzino la kutsogolo kumene kumatayika polikonzekeretsa. Adapeza kuti chisoti chathunthu chimadya magawo 63 mpaka 72 pa 100 alionse a mbali ya dzino yoonekera kunja, pamene njira zopala pang'ono, monga kumata kachikuto kopyapyala kotchedwa veneer kumaso kwa dzino, zimadya magawo 3 mpaka 30 okha. Dzino likavekedwa chisoti, lidzafuna chisoti moyo wake wonse. Komanso mano ena, atapalidwa kwambiri, mtima wake umatupa kapena kufa patapita nthawi, ndipo pamafunika chithandizo china choyeretsa m'kati mwa muzu.

Motero ngati dzino langobenthuka kunsonga, kawirikawiri limakonzeka ndi phala loyera lotchedwa composite, limene dokotala amaliumba padzino tsiku lomwelo popanda kupala kwambiri. Njira imeneyi ndiyo yoyenera makamaka kwa ana ndi achinyamata osafika zaka 18, chifukwa mtima wa dzino lawo umakhala waukulu ndipo nkhama zawo zimakhala zisanakhazikike pamalo pake.

Kwathu ku Malawi kuli chifukwa china chimene chimapititsa anthu kukapempha zisoti. M'madera ena, monga ku Nsanje, ku Chikwawa, ku Liwonde ndi ku Nathenje, madzi a m'mijigo ina ali ndi mchere wa fluoride woposa mamiligalamu 1.5 pa lita, amene ndi malire a bungwe la World Health Organization. Ana amene amamwa madzi otere mano awo akukula amadzakhala ndi mawanga oyera ngati choko kapena ofiirira. Mano amenewa si owola, ndipo ambiri amathandizika ndi mankhwala oyeretsa, kukhula pang'ono pamwamba pa enamel, composite kapena veneer. Chisoti chimayenera pokhapokha ngati enamel yakumbika ndi kuperepeseka kwambiri.

Chisoti chimafunikadi pamene mbali yaikulu ya dzino yathyoka kapena yawola, pamene dzino lamatidwa kangapo mpaka latsala lofooka, pamene layeretsedwa m'kati mwa muzu ndipo makoma ake apyapyala, kapena pamene chisoti chakale chatha.

Porcelain: chiyambi chake ndi mitundu yake

Porcelain ndi ya banja limodzi ndi mbale ndi makapu adothi oyera amene timasungira alendo, ngakhale kuti ya mano imakhala pafupi kwambiri ndi galasi. Imapangidwa makamaka ndi miyala ya feldspar ndi quartz yoperedwa, n'kuotchedwa m'ng'anjo. Mu 1774, Alexis Duchâteau, wogulitsa mankhwala wa ku France, atatopa ndi fungo la mano ake ovala opangidwa ndi mnyanga, adayamba kuyesa mano a porcelain, ndipo pambuyo pake adathandizana ndi dokotala Nicolas Dubois de Chémant. Mu 1889, Charles Land wa ku Detroit adalembetsa luso lake la chisoti cha porcelain yokhayokha. Chidali chokongola, koma chinkasweka msanga.

Kuyambira pamenepo akatswiri akhala akufunafuna njira yolimbitsira porcelain popanda kuichotsera kukongola. Ndicho chifukwa chake lero dzina limodzili likuimira zinthu zitatu zosiyana, ndipo wodwala ayenera kudziwa chimene dokotala akunena.

Choyamba ndi porcelain yokutidwa pa chitsulo. Njira imeneyi idalembetsedwa ku America mu 1962, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo imene madokotala ankaidalira. M'kati mumakhala kachipewa kachitsulo, kunja porcelain. N'cholimba ndipo mbiri yake ndi yaitali, koma chitsulocho chimatseka kuwala, ndipo nkhama zikabwerera m'mbuyo ndi ukalamba pamaoneka kamzere kakuda m'mphepete. Zitsulo zina zotchipa zimakhala ndi nickel, imene anthu ena thupi lawo siligwirizana nayo.

Chachiwiri ndi porcelain ya feldspar yokhayokha, imene mmisiri amaiika pang'onopang'ono ndi kaburashi, mtundu pamwamba pa mtundu unzake. Palibe china chimene chimafanana ndi enamel kuposa iyi, koma ndi yofooka, ndipo masiku ano imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa veneer kapena pokuta pamwamba pa chipangizo china cholimba.

Chachitatu ndi galasi lolimbitsidwa ndi timiyala tating'onoting'ono ta lithium disilicate, timene timalukana m'kati mwake n'kumatchinga ming'alu. Kampani ya Ivoclar ya ku Liechtenstein idatulutsa mtundu woyamba mu 1998, ndipo mu 2005 idatulutsa wowongoleredwa, wodziwika ndi dzina loti e.max. Lero dokotala akati chisoti cha porcelain chopanda chitsulo cha dzino la kutsogolo, nthawi zambiri akunena chimenechi. Ndicho tidzachiyerekeze kwambiri ndi zirconia.

Zirconia: chiyambi chake ndi mitundu yake

Zirconia imachokera ku mwala wa zircon, umene umapezeka mumchenga wa m'mbali mwa nyanja m'maiko monga Australia ndi South Africa. Katswiri wa ku Germany, Martin Heinrich Klaproth, ndiye adaizindikira mu 1789. Ngakhale dzina lake limafanana ndi la chitsulo cha zirconium chimene chili m'kati mwake, zirconia si chitsulo. Ndi ufa woyera umene umaumbidwa ndi kuotchedwa monga zadothi zina, sichita dzimbiri, ndipo thupi la munthu limailandira bwino. Isanafike m'kamwa, madokotala a mafupa adali atayamba kale kuigwiritsa ntchito pa mfundo zopanga za m'chiuno.

Chinsinsi cha kulimba kwake chidafotokozedwa mu 1975 ndi akatswiri a ku Australia, Garvie, Hannink ndi Pascoe. Mng'alu ukayamba, timiyala ta zirconia tozungulira nsonga ya mng'aluwo timasintha kaumbidwe kake n'kufufuma ndi magawo 3 mpaka 5 pa 100, ndipo kufufumako kumafinya mng'aluwo kuti usapitirire. Kuti khalidwe limeneli lisungike, opanga amasakanizamo mankhwala ochepa otchedwa yttria.

Zirconia yopsa ndi yolimba kwambiri moti siumbika ndi manja. Imasemedwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, luso limene lidalowa m'ntchito ya mano mu 1985, pamene Werner Mörmann ndi Marco Brandestini a ku Zurich adagwiritsa ntchito makina awo a CEREC pa wodwala woyamba. Makina amasema chisoti kuchokera ku chibuma chosapsa, chofewa ngati choko, ndipo amachisema chokulirapo dala, chifukwa chikalowa m'ng'anjo ya madigiri pafupifupi 1,500 chimachepa ndi magawo 20 mpaka 25 pa 100.

Nayonso zirconia ili mitundumitundu. Yoyamba kufika m'zipatala za mano, ya chizindikiro cha 3Y, ndi yolimba koposa koma salowamo kuwala kwenikweni. Ikaikidwa yokha kutsogolo imaoneka yoyera mopanda moyo. Chifukwa cha ichi amisiri ankaigwiritsa ntchito ngati maziko, n'kukuta porcelain pamwamba. Chokutacho chinkabenthuka kawirikawiri, ndipo vutoli lidachepa amisiri ataphunzira kupanga maziko ochirikiza bwino ndi kuziziritsa chisoti pang'onopang'ono. Cha m'ma 2009 zidayamba kufala zisoti za zirconia yokhayokha, makamaka pa mano a m'mbuyo. M'zaka za m'ma 2010 kudabwera mitundu ya 4Y ndi 5Y, yokhala ndi yttria wochulukirapo. Iyi imalowetsa kuwala bwino, koma idalipira kukongolako ndi mphamvu, pakuti luso lija lofinya ming'alu limachepa yttria akachuluka.

Kuyerekeza ziwirizi

Pa kuoneka, lithium disilicate imafanana kwambiri ndi enamel, makamaka kunsonga kwa dzino kumene kuwala kumadutsa. Zirconia ya 5Y yayandikira, ndipo m'manja mwa mmisiri waluso imaoneka bwino ndithu, koma kawirikawiri siifika. Komabe kulowetsa kuwala kuli ndi mbali ziwiri. Chisoti chimene chimalowetsa kuwala chimaonetsanso chimene chili pansi pake. Ngati dzino lotsala ndi lakuda, chisoticho chidzaoneka chotuwa.

Pa kulimba, akatswiri amayesa mphamvu imene chipangizo chingapirire chisanathyoke, pa muyeso wotchedwa MPa. Porcelain ya feldspar imafika pafupifupi 60 mpaka 110. Lithium disilicate imakhala pakati pa 360 ndi 500. Zirconia ya 5Y imakhala pakati pa 500 ndi 800, ndipo ya 3Y imafika 900 mpaka 1,200. Manambala amenewa ndi amene amakopa anthu ambiri. Koma tikumbukire kuti mano a kutsogolo sasenza katundu wofanana ndi a m'mbuyo, amene amapera chakudya ndi mphamvu yoposa kawiri. Kwa munthu amene mano ake amakumana bwino, lithium disilicate ndi yokwanira kutsogolo. Tionenso kuti zirconia yokongola ija, imene imayenera kutsogolo, siitalikirana kwambiri ndi lithium disilicate pa mphamvu.

Pa kupala dzino, zirconia yolimba ili ndi mwayi. Ikhoza kukhala yopyapyala, kuyambira theka la milimita mpaka milimita imodzi. Lithium disilicate imafuna milimita imodzi mpaka imodzi ndi theka m'mbali, ndi malo ochulukirapo kunsonga. Porcelain ya pa chitsulo ndi zirconia yokutidwa ndi porcelain zimafuna malo ambiri chifukwa zili ndi zigawo ziwiri.

Pa kumata, mwayi umapita ku porcelain. Popeza muli galasi, dokotala amatha kukhakhalitsa m'kati mwa chisoti ndi asidi wapadera, ndipo simenti yomatira imagwira molimba, chisoti ndi dzino n'kukhala ngati chinthu chimodzi. Asidi ameneyu sagwira zirconia. Iyo imafuna kuwazidwa timchenga mwamphamvu ndi kupakidwa mankhwala ake, kapena kuikidwa ndi simenti wamba ngati dzino ndi lalitali mokwanira kuti liigwire. Kumata kwa porcelain kumafuna malo ouma ndithu, opanda malovu kapena magazi, zimene zimavuta ngati malire a dzino ali pansi pa nkhama.

Pa mano oyang'anizana nawo, ambiri amaganiza kuti zirconia, pokhala yolimba, imadya mano anzake. Kafukufuku adaonetsa kuti chimene chimadya enamel kwenikweni ndi kukhakhala. Zirconia yosalazidwa bwino imadya pang'ono kuposa porcelain yokhakhala. Choncho dokotala akachepetsa chisoti chilichonse m'kamwa, ayenera kuchisalazanso mpaka chinyezimire.

Pa kukhalitsa, mu 2015 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Irena Sailer lidasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri wa zisoti za dzino limodzi. Lidapeza kuti patatha zaka zisanu, zisoti zoposa 90 pa 100 zidali zikugwirabe ntchito, kaya ndi za porcelain ya pa chitsulo, za lithium disilicate kapena za zirconia. Zikaikidwa bwino ndi kusamalidwa, zambiri zimapitirira zaka khumi. Palibe chisoti chimene tingachiwerengere kuti n'cha muyaya, ndipo tsiku lochichotsa, cha zirconia ndicho chimatenga nthawi yaitali kuti chidulidwe.

Nanga tisankhe chiti?

Ngati dzino ndi limodzi, lotsalalo lili ndi mtundu wabwino, mano oyandikana nalo ndi achilengedwe, ndipo munthuyo sakukuta mano, lithium disilicate ndiyo imatsogola. Kufananitsa dzino limodzi la pakati ndi linzake ndi imodzi mwa ntchito zovuta koposa za mmisiri wa mano, ndipo chipangizo cholowetsa kuwala chimamuthandiza.

Ngati dzino lada chifukwa mtima wake udafa, kapena m'muzu mudaikidwa kachitsulo kochirikiza, pamafunika chipangizo chobisa. Apa zirconia yosalowetsa kuwala, yokutidwa ndi porcelain kumaso, imachita bwino. Ilipo ndithu lithium disilicate yopangidwira kubisa, koma imafuna kuti dzino lipalidwe mokwanira.

Ngati munthu amakukuta mano ali m'tulo, kapena mano ake a kutsogolo aperepeseka kale kunsonga, kapena adathyolapo chisoti china, zirconia ndiyo yodalirika, pamodzi ndi chotetezera chapulasitiki chovala usiku. N'chimodzimodzi pamene mano a m'munsi amagunda kwambiri kumbuyo kwa a m'mwamba, malo n'kuchepa. Mmisiri akhoza kusiya zirconia yopyapyala kumbuyo n'kukuta porcelain kumaso kokha.

Ngati dzino ndi lalifupi, loti chisoti sichingaligwire chokha, kumata kwamphamvu kwa lithium disilicate kumathandiza, makamaka pamene enamel yatsalako. Komabe chipangizo chilichonse chimafuna kuti pakhale dzino labwino la milimita imodzi ndi theka kapena awiri kunja kwa nkhama, kuzungulira konse. Popanda maziko amenewa, chisoti cholimba chimangosamutsira mphamvu ku muzu, ndipo muzu ukang'aluka dzino lonse latayika.

Ngati pali gweru ndipo akufuna kulumikiza zisoti zingapo ngati mlatho, zirconia imapirira mlatho wautali, pamene lithium disilicate imalekezera pa mlatho wa mano atatu a kutsogolo kapena apafupi ndi kutsogolo. Ngati mano anayi kapena asanu ndi limodzi akuvekedwa onse pamodzi, vuto lofananitsa ndi dzino lachilengedwe limachepa, ndipo zirconia yolowetsa kuwala imapikisana bwino ndi porcelain.

Za mtundu wa chisoti

Madokotala ambiri amasankha mtundu pogwiritsa ntchito timano tachitsanzo 16 ta kampani ya VITA ya ku Germany, toyambira pa A1 mpaka D4. Ntchitoyi iyenera kuchitika dzino lisanapalidwe, mano ali onyowa, pa kuwala kwa masana, chifukwa dzino louma limaoneka loyera kuposa mmene lilili. Chithunzi chotumizidwa kwa mmisiri chimathandiza kwambiri.

Tidziwenso kuti porcelain ndi zirconia sizisintha mtundu ndi mankhwala oyeretsa mano. Amene akufuna kuyeretsa mano ake ayambe wachita zimenezo, adikire masabata awiri kuti mtundu ukhazikike, kenaka asankhe mtundu wa chisoti. Ndipo tisakopeke ndi choyera koposa. Dzino limodzi loyera mbee pakati pa anzake limakopa maso mofanana ndi dzino lakuda lija. Tsiku loyesa chisoti, tipemphe galasi, tiyang'ane pafupi ndi windo, tiyankhule, timwetulire, ndipo ngati n'kotheka tikhale ndi mbale wathu woti atiuze zoona. Chikamatidwa, kusintha mtundu kumatanthauza kudula chisoticho ndi kulipira china.

Mafunso ofunsa dokotala

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Kufunsa dokotala mwaulemu si mwano, ndipo dokotala wabwino amakondwera nako. Tisanalole kuti dzino lipalidwe, tifunse mafunso awa.

Kodi composite kapena veneer sizingathandize dzino ili? Kodi chithunzi cha X-ray chikuonetsa kuti muzu ndi fupa zili bwino? Kodi mtima wa dzino uli moyo? Porcelain imene mukunena ndi iti: ya pa chitsulo kapena ya lithium disilicate? Ngati ndi zirconia, ndi yokhayokha kapena yokutidwa, ndipo ndi ya mtundu uti? Chisoti chikapangidwira kuti, ndipo tidikira masiku angati? Mtengo umene mwatchula ukuphatikiza chisoti chongoyembekezera, kuyeretsa muzu ngati kungafunike, ndi kubwereza ngati mtundu sunagwirizane?

Mitengo imasiyana malinga ndi chipatala ndi labotale, ndipo mitundu yonse iwiri ndi yodula kuposa composite. Chimene sitiyenera kuiwala n'chakuti luso la dokotala ndi la mmisiri limaposa dzina la chipangizo. Chisoti chosakwana bwino m'mphepete chimasunga zakudya, chimatupitsa nkhama ndi kuwoletsa dzino, kaya ndi cha mtengo wotani. Ku Malawi maphunziro a digiri ya udokotala wa mano adayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Aliyense wogwira ntchito ya mano ayenera kukhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Ku Zambia kaundula wotere ali ku Health Professions Council of Zambia, ku South Africa ku Health Professions Council of South Africa, ndipo ku Britain ku General Dental Council. Amene akuganiza zokaikitsa chisoti kutali ali paulendo aganizirenso za amene adzachione chikadzavuta.

Kusamala chisoti

Chisoti sichiwola, koma dzino limene lili pansi pake limawola, makamaka pamzere umene chisoti chimakumanirana ndi dzino, pafupi ndi nkhama. Apa ndipo mwambi uja umakwanira, wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kunja kukhoza kumanyezimira pamene m'kati mukutha, ndipo mwini wake n'kudzadziwa chisoti chitayamba kugwedera. Titsuke mano kawiri patsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, makamaka pogona, tiyeretse mipata ya pakati pa mano ndi ulusi wake, tichepetse shuga ndi zakumwa zotsekemera, ndipo tionane ndi dokotala kamodzi pachaka ngakhale pasakupweteka. Ngati nkhama zimatuluka magazi, zichiritsidwe chisoti chisanaikidwe.

Zizolowezi zina ziyenera kutha. Kutsegula mabotolo ndi mano, kusenda nzimbe, kuswa mafupa, kuluma chimanga chokazinga ndi mano a kutsogolo, kudula ulusi kapena kutafuna cholembera, zonsezi zimabenthula porcelain, ndipo pansi pa zirconia zikhoza kuthyola dzino lenilenilo. Nzimbe tizisenda ndi mpeni n'kuiduladula. Osewera masewera ogundana avale chotetezera mano. Chisoti chikaguluka, tichisunge pamalo abwino n'kupita nacho kwa dokotala msanga. Tisachimate tokha ndi guluu wa m'sitolo, chifukwa amawononga dzino ndi nkhama.

Mawu otsiriza

Okondedwa awerengi, porcelain ndi zirconia zonse ndi zipangizo zabwino, ndipo chilichonse chili ndi dzino lake. Pa dzino limodzi la mtundu wabwino, m'kamwa mosakukuta, lithium disilicate imapereka maonekedwe apafupi kwambiri ndi achilengedwe. Pa dzino lakuda, pamalo ochepa, kapena kwa munthu wokukuta mano, zirconia imateteza bwino. Koma chisankho chachikulu chimachitika makina opalira asanalire. Ngati dzino lingapulumuke ndi njira yopala pang'ono, tiyambe ndi imeneyo, pakuti chisoti chikhoza kudzaikidwa m'tsogolo, pamene enamel yopalidwa lero sitidzaionanso.